Ng'anjo yowambira nyama ndi nkhuni: ndigule yopangidwa kale kapena ndipangitse?

WaKuArea25
Akuluakulu a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani imene ndakhala ndikuisinkhasinkha kwa milungu ingapo. Ndimakhala ku Lilongwe, ndipo pafupifupi Loweruka lililonse ndimawotcha nyama pakhomo, nthawi zina ya apabanja, nthawi zina ya anthu amene andipatsa oda ya chinkhoswe kapena phwando. Chaka chatha mlamu wanga atabwera kuchokera ku America anandionetsa kanema wa mmene anthu a ku Texas amaphikira chidale cha ng'ombe. Moto umakhala m'kabokosi kake pambali, nyama imakhala mu mgolo waukulu wogoneka, ndipo utsi ndi kutentha zimadutsa pa nyamayo n'kukatulukira pa chumuni, kwa maola 12 kapena kuposerapo. Iwo amati offset smoker. Nyama yake akaidula imachita kugwedezeka, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhazikike.

Ndapeza ng'anjo yotereyi m'sitolo ina yaikulu m'tauni, yopaka penti yakuda yonyezimira, koma mtengo wake ndi wowawa ndipo chitsulo chake chikundikayikitsa. Kumbali inayi kuli mmisiri wina wowotcherera zitsulo ku Biwi amene akuti angathe kundipangira, ngakhale wavomera yekha kuti sanapangepo yotere. Funso langa lili patatu. Kodi ndigule kapena ndipangitse? Ngati n'kupangitsa, chitsulo chikhale chokhuthala bwanji? Nanga nkhuni zoyenera zimene zimapezeka kwathu kuno ndi ziti, popeza mitengo imene amatchula m'makanemawo sindinaionepo?

Nyundo_Yakale
Bwererani kusitoloko mukakweze chivindikiro chake ndi chala chimodzi. Chikakwezeka mosavuta, chisiyeni pomwepo.

MayiWaKuZomba
Bambo a ku Area 25, ine ndinagula yofanana ndi imene mukuinenayo zaka zitatu zapitazo, ndiye ndilankhula zimene ndinaona ndi maso. Tsiku loyamba kuyatsa moto, penti ya pakabokosi ka moto inatumphuka matuza n'kuyamba kugwa ngati makoko a mtedza. Utsi unkatuluka paliponse, m'mbali mwa chivindikiro, polumikizira kabokosi, ngakhale m'mabowo a mabawuti, moti wofika ku chumuni unali wochepa. Vuto lalikulu ndinaliona m'mwezi wa June kuli chiperoni. Mphepo ikangowomba, kutentha kunkatsika nthawi yomweyo, ine n'kuwonjezera nkhuni, kenako kutentha n'kukwera mopitirira muyeso mpaka mafuta a nkhumba kuyamba kupsa. Tsiku lonse ndinali chiimirire, maso ofiira ndi utsi, alendo akucheza okha.

Mapeto ake anabwera ndi dzinja lachiwiri. Mwana anaiwala kuwola phulusa, mvula inalowa, ndipo pofika mwezi wa March pansi pa kabokosi panali patabooka moti dzanja linkalowa. Panopa mgolo wake ndimasungiramo chakudya cha nkhuku.

Mlendo_wa_Dallas
Zimene afotokoza mayiwa n'zimene zimachitikanso kuno ndi ng'anjo zotsika mtengo, choncho vuto si la kwathu kokha. Ndakhala ku Texas kwa zaka zingapo ndipo ndili nayo yanga kuseri kwa nyumba, ndiye ndiloleni ndifotokoze mmene chinthuchi chimagwirira ntchito, chifukwa mukamvetsa zimenezi yankho la funso loyamba lija libwera lokha.

Kaphikidwe kameneka kanayambira m'mabutchala a anthu ochokera ku Germany ndi a Chicheki amene anakhazikika m'chigawo chapakati cha Texas. Nyama yotsala ankaiwamba kuti isawonongeke n'kumaigulitsa yokulunga m'pepala. Ku Lockhart kuli malo otchedwa Kreuz Market amene anayamba mu 1900, ndipo ng'anjo za kumeneko ndi za njerwa, moto uli pansi kumapeto kwake. Za zitsulo zogonekazi zinafala pambuyo pake, pamene amisiri anayamba kudula mapaipi okhuthala a m'migodi ya mafuta ndi matanki akale a gasi. Aaron Franklin, amene anayamba kugulitsa nyama mu kalavani ku Austin mu 2009 n'kudzalandira mphoto ya akatswiri ophika ya James Beard mu 2015, amaphikira m'matanki a magaloni 1,000, ndipo pa chidale amangothira mchere ndi tsabola wakuda basi.

Chinsinsi chonse ndi kusunga kutentha pakati pa madigiri 110 ndi 135 a Celsius kwa maola ambiri popanda kukwera ndi kutsika. Chitsulo chokhuthala chimachedwa kutentha, koma chikatentha chimasunga, monga mmene mphika wadothi umapitirizira kubwadamuka mutauphula kale. Chitsulo chopyapyala chimatsatira mphepo. N'chifukwa chake ng'anjo zabwino kuno zimapangidwa ndi chitsulo cha kota ya inchi, amene ndi mamilimita 6 ndi pang'ono, pamene zotsika mtengo zambiri sizifika ngakhale mamilimita 2. Chachiwiri ndi kayendedwe ka mpweya. Chumuni ndi chimene chimakoka moto, ndipo utsi uyenera kudutsa pa nyama mothamanga, usakhazikike. Utsi wokhazikika umasiya mwaye ndi kuwawa.

Kampopi_Kasungu
Ndawerenga kawiri zimene alemba a ku Dallas ndipo ndaseka ndekha, chifukwa akufotokoza balani ya fodya wa kampopi. Ng'anjo imakhala kunja, kutentha kumalowa kudzera m'mipope, chumuni chimakoka, ndipo munthu amagona panja usiku wonse akuyang'anira choyezera kutentha n'kumasonkhezera chikuni chimodzichimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti ku kampopi utsi sukhudza tsamba, pamene ku fodya wa chikopa utsiwo ndi umene umafunika. Ng'anjo ya nyamayi yatenga kamangidwe ka kampopi ndi cholinga cha chikopa. Bambo a ku Area 25, mukasowa wokuphunzitsani kusunga moto, funani munthu amene anagwirapo ntchito m'mabalani a pa esiteti.

WaKuKachulu
Ine chikundidabwitsa n'chakuti mukupita mpaka ku Texas kukafunsa za kuwamba. Mayi anga akhala akuwamba milamba kunyanja ya Chilwa kuyambira ndisanabadwe, ndipo sanagulepo chitsulo cha mamilimita 6. Uvuni wa dothi kapena wa njerwa, waya pamwamba, moto wochepa pansi, nsomba n'kutuluka zofiirira bwino, zokhala milungu osawonongeka. Ngati mukufuna wamakono, pali uvuni wa Chorkor umene unapangidwa ku Ghana mu 1969 mothandizidwa ndi bungwe loona za chakudya ndi ulimi la FAO, dzina lake n'kuchokera ku mudzi wa asodzi wa ku Accra. Mathireyi amasanjikizana pamwamba pa uvuni, moti nkhuni zochepa zimawamba nsomba zambiri. Bwanji osamanga wotere n'kusunga ndalama zanu?

Mlendo_wa_Dallas
Achimwene a ku Kachulu, luso la mayi anu sindikulichepetsa, ndipo mlamba wowamba wothira tomato ndimaulota kuno. Koma ntchito ziwirizi zili ndi zolinga zosiyana. Pamene mukuwamba nsomba, mukufuna madzi achoke kuti isungike. Pa chidale kapena phewa la nkhumba tikufuna madzi ndi mafuta zitsale mkati, pamene minyewa yolimba ija ikusungunuka pang'onopang'ono mpaka nyama kufewa. Nyama yotere siisungika ayi, imadyedwa tsiku lomwelo kapena kulowa m'firiji. Mukaika chidale cha makilogalamu 5 pamwamba penipeni pa moto wa uvuni wa nsomba, mafuta adontha pamoto, malawi abuka, kunja kupserera mkati musanapse.

WaKuKachulu
Pamenepo ndamva. Komabe mfundo ya njerwa isatayidwe, popeza mwanena nokha kuti a ku Lockhart aja amaphikira m'njerwa.

Nyundo_Yakale
Tsopano ndiyankhe mokwanira, popeza ntchito yanga ndi yomweyi ndipo ndapangapo ng'anjo zotere zinayi kuno ku Blantyre. Kupangitsa n'kwabwino kuposa kugula ya m'sitoloyo, koma pokhapokha inu eni ake mutapita kwa mmisiri ndi miyeso yolembedwa papepala. Mmisiri amene sanaionepo adzakupangirani mbaula yaikulu yokhala ndi chumuni, ndipo simudzakhala ndi pomudzudzulira.

Poyamba dziwani kulemera kwa chimene mukufuna. Chitsulo cha mamilimita 6 chimalemera makilogalamu 47 pa sikweya mita imodzi, cha mamilimita 3 theka lake. Chitsulo chimagulitsidwa motsatira kulemera kumeneku, ndiye mtengo umakwera mofulumira. Langizo langa n'lakuti kabokosi ka moto kakhale ka mamilimita 6 chifukwa ndi kamene kamazunzika, koma mgolo wa nyama ungathe kukhala wa mamilimita 4 popanda vuto kunyengo yathu. Kukula kwa kabokosi kukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mgolo, ndipo kakhale motsikirapo kuti kutentha kuzikwera kokha. Chumuni chituluke molingana ndi waya woikapo nyama, osati pamwamba pa mgolo, apo ayi kutentha kumangoyenda kudenga nyama ili pansi.

Pali zinthu zitatu zimene sindilola m'shopu mwanga. Choyamba ndi chitsulo cha galavanaizi, kaya ndi paipi ya madzi kaya ndi lata. Zinki imene amakutira ikapsa imatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa munthu ngati malungo, kuphwanya m'thupi ndi kunjenjemera usiku, ndipo zoti kumwa mkaka kumateteza ndi nkhambakamwa za m'magalaja. Chachiwiri ndi mashelefu a firiji yakale amene anthu amakonda kuwotcherapo kanyenya, chifukwa ambiri ndi okutidwa ndi pulasitiki kapena zitsulo zina zosayenera kukhudza chakudya pamoto. Chachitatu, chimene ndi choopsa kuposa zonse, ndi kudula silinda ya gasi ndi girayinda munthu atangomva kuti gasi anatha. Silinda imene ikuoneka yopanda kanthu imakhalabe ndi mpweya wokwanira kuphulika. Odziwa amachotsa valavu, amadzaza madzi mpaka kusefukira, amasiya masiku, amakhuthula n'kudzazanso, ndipo amayamba kudula silindayo madzi ali momwemo. Kuwonjezera apo, masilinda ambiri ndi katundu wa makampani ogulitsa gasi, osati wa amene akukugulitsani pamsika wa zitsulo zakale. Ine ndimakonda tanki ya kompuresa yakufa, chidutswa cha paipi yokhuthala, kapena kukapinditsa chitsulo chatsopano kwa amene ali ndi makina opindira.

ZaKuJoni
Kuno ku Johannesburg anthu ambiri amapanga ndi tanki ya giza yakale, yotenthetsera madzi osamba, ya malita 150 kapena 200, ndipo zimaoneka bwino ndithu. Ndiwonjezerenso kuti si ng'anjo zonse zogula zimene zili zachabe. Ine ndili ndi Weber Smokey Mountain, yoimirira ngati chipolopolo, yokhala ndi beseni la madzi pakati pa moto ndi nyama. Chitsulo chake si chokhuthala koma n'chokutidwa bwino ndipo chimatseka mpweya, moti ndimatha kugona maola angapo kutentha kuli pomwepo. Kungoti imayendera makala ndi tizidutswa ta nkhuni, ndipo mukawerengera mtengo wake, wonyamula pa basi kudutsa ku Mwanza, msonkho, ndiponso mmene kwacha inagwera mu November 2023, mupeza kuti mmisiri wa ku Biwi uja ndi wotsika mtengo.

Nyundo_Yakale
Giza muyambe mwaiona mkati. Zina ndi za galavanaizi, zina n'zokutidwa ndi zonga galasi zimene zimathetheka zikapsa, ndipo pafupifupi zonse n'zopyapyala kuposa mmene zimaonekera zisanasendedwe.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndaona kuti zokambiranazi zathamangira ku zitsulo zolemera, ndiye ndifunse funso limene palibe walifunsa. Bambo a ku Area 25, kodi munayamba mwakhalapo maola 12 mukusamala moto umodzi? Ambiri amapangitsa ng'anjo yaikulu, amaphikira kawiri, kenako imasanduka poyanika matawulo. Ine ndinayamba ndi diramu wamba ya malita 200 yoimiritsa, ndipo mpaka lero ndi imene ndimagwiritsa ntchito. Pansi m'mbali ndinaboola mabowo atatu a mamilimita 20 olowetsa mpweya, amene ndimatseka ndi kutsekula malinga ndi kutentha. Mkati muli dengu lachitsulo la makala lokhala pa timiyendo, ndipo waya wa nyama uli masentimita pafupifupi 60 pamwamba pa moto, patali mokwanira kuti mafuta akadontha asabutse malawi. Pa chivindikiro pali mabowo otulutsa utsi. Zonsezi mmisiri amamaliza tsiku limodzi.

Chofunika n'kudziwa chimene chinali m'diramumo. Ya mafuta ophikira kapena ya zakudya zina ndi yabwino, koma ya mankhwala a m'munda, ya penti kapena imene wogulitsa akuchita chibwibwi pofotokoza, musaitenge ngakhale yaulere. Yanga ndinaiyatsa moto waukulu kawiri mpaka penti yonse inapsa, ndinaikwecha ndi burashi yawaya, ndinaitsuka, kenako ndinapaka mafuta ophikira mkati monse n'kuyatsanso moto wochepa kwa maola atatu kuti mafutawo agwire ngati mmene chiwaya chimaderera.

WaKuArea25
Aphunzitsi, funso lanu landilasa, chifukwa zoona zake n'zakuti sindinayesepo kupitirira maola atatu. Chokhacho chimene chikundibweza pa diramu n'chakuti imafuna makala, pamene ine ndikufuna kukoma kwa nkhuni, komanso thumba la makala masiku ano mtengo wake mukuudziwa.

Mlendo_wa_Dallas
Pali njira yapakati imene anthu a ku North Carolina amatsata powamba nkhumba yathunthu. Iwo amayatsa nkhuni padera, m'diramu ina kapena pansi, ndipo zikasanduka makala amoto amawatapa ndi fosholo n'kumaika pansi pa nyama pang'onopang'ono. Mungathe kuchita chimodzimodzi ndi diramu ya aphunzitsiwa, bola mmisiri adule kachitseko m'munsi kolowetsera fosholo. Chimene simuyenera kuchita ndi kuyatsa zikuni zazikulu mkati mwa diramu yotseka, chifukwa zikasowa mpweya zimangofuka utsi wakuda bii, ndipo nyama imamveka ngati mwanyambita chumuni.

Msamala_Nkhalango
Popeza nkhani yafika pa nkhuni, ndipemphe kuti tisalimbikitsane kudula mitengo yachilengedwe chifukwa cha nyama ya Loweruka. Aliyense amene amadutsa ku Dzalanyama kapena ku Zalewa akudziwa mmene matumba a makala akutulukira, ndipo lamulo la nkhalango limene linakonzedwanso mu 2020 linakhwimitsa zilango kwa opanga ndi ogulitsa makala opanda chilolezo. Mwayi wake n'ngwakuti nkhuni zabwino kwambiri zowambira nyama ndi za mitengo ya zipatso imene timadzala tokha. Nthambi zothenera za gwafa, pichesi, malalanje ndi mandimu zimapereka utsi wofatsa wonunkhira bwino. Mango nawonso amagwira ntchito, koma muchotse khungwa ndipo aume mokwanira, chifukwa utomoni wake umayabwa anthu ena.

Zoyenera kupewa ndi paini ndi mkungudza chifukwa cha utomoni, nkhadze chifukwa mkaka wake ndi poizoni ndipo utsi wake umawononga maso, komanso mtengo uliwonse wothiridwa mankhwala, monga mapolo a magetsi, mapolo obiriwira a mpanda, matabwa opaka penti ndi mapaleti osadziwika kumene achokera. Mankhwala obiriwira aja amakhala ndi poizoni wotchedwa arsenic, ndipo amatsalira ngakhale m'phulusa.

ZaKuJoni
Ndikugwirizana nazo, komabe tinene chilungamo kuti palibe gwafa amene angafanane ndi tsanya pa makala. Kuno amagulitsa m'matumba pamodzi ndi nkhuni za mitengo yotchedwa sekelbos ndi kameeldoring, ndipo chikuni chimodzi cha tsanya chimayaka nthawi imene zikuni zitatu za mtengo wina zatha.

Msamala_Nkhalango
Kulimba kumeneko n'chifukwa chakuti tsanya amakula pang'onopang'ono kwambiri, ndipo n'chifukwa chomwecho akutha kuchigwa cha Shire. Sekelbos amene mwamutchulayo ndi chitsamba chimene chimalowerera m'malo odyetsera ziweto, moti alimi amachita kufuna kuti chidulidwe. Nkhani zake n'zosiyana.

Mlimi_wa_Thyolo
Kwathu kuno nthambi zothenera za makadamiya zimapezeka, ndipo ndaona kuti nkhuni zake ndi zolimba, utsi wake wofatsa. Zikamba za mtedza wake nazonso zimayaka motentha kwambiri, choncho muziwaza pang'ono pa makala, osati kudzaza. Za bulugamu anthu amatsutsana. Ine ndinayesa wongodulidwa miyezi iwiri ndipo nkhuku inamveka ngati mankhwala a chifuwa, koma wouma kupitirira chaka, woyamba wapsa n'kukhala makala, sanandivute. Mtengo uliwonse umafuna miyezi 6 mpaka 12 utawazidwa ndi kusanjidwa pamthunzi podutsa mphepo. Poyesa, menyanitsani zikuni ziwiri. Zouma zimalira kuti ngwe, zaziwisi zimangoti phu, ndipo mukaziika pamoto zimatuluka thovu kumapeto uku zikulira ngati njoka.

WaKuKachulu
Apa ndiye tabwerera kwa mayi anga. Iwo amati utsi woyera wochindikala ndi wothamangitsira udzudzu, wowambira ndi uja wopyapyala wobiriwira pang'ono umene umaoneka movutikira.

Mlendo_wa_Dallas
Mawu amenewo ndi omwenso amanena akatswiri a kuno, kusiyana chilankhulo chokha. Moto ukhale waung'ono koma wamalawi, chikuni chimodzi chonenepa ngati mkono pa mphindi 30 kapena 45 zilizonse, ndipo chikuni chotsatira chizidikira pamwamba pa kabokosi kuti chifunde, chikalowa chigwire moto nthawi yomweyo.

Wapabutchala
Nonse mukukamba za chitsulo ndi nkhuni, koma nyamayo mukaipeza kuti? Chidale chimene mukuona m'makanema a ku Texas chimachokera ku ng'ombe zonenepetsedwa ndi chimanga m'makola, chimalemera makilogalamu 5 mpaka 7, ndipo mafuta ali pamwamba ndi mkati momwe. Ng'ombe zathu za Malawi Zebu ndi zazing'ono, zimayenda mtunda wautali kufuna msipu, ndipo zambiri zimaphedwa zitakula. Chidale chake n'chopyapyala, mafuta ochepa, moti mukachiika maola 12 mudzatulutsa chikopa. Vuto lina n'lakuti m'mabutchala ambiri nyama timaidula ndi macheka kapena chikwanje m'zidutswa zosakaniza ndi mafupa, chifukwa ndi mmene ogula amafunira. Ngati mukufuna chidale chathunthu, lankhulani ndi wabutchala dzulo lake ng'ombe isanagawidwe, mumuuze asasende mafuta, ndipo musankhe ya ng'ombe yochokera kokhola lonenepetsera.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi phewa la nkhumba, chifukwa lili ndi mafuta okwanira kukhululukira zolakwa za wophunzira, kenako nthiti, nkhuku, ndi mwendo wa mbuzi wokulunga ukafika pakati. Nkhumbayo igulidwe poyezedwa ndi alangizi a ziweto, ndipo mukaona timatuza toyera tonga mpunga m'mnofu, imeneyo si yodya ngakhale mutaiwamba usiku wonse.

MayiWaKuZomba
Pa nkhuku pomwepo ndichenjezeko. Ulendo wina ndinawamba nkhuku zinayi za alendo a kumpingo, zinapsa bwino kwambiri, koma poduladula mnofu wa pansi pa khungu unali wofiirira ngati wosapsa. Apongozi anga anangoyang'ana mbale, osalankhula, kenako ananyamula nkhuku zonse kupita nazo kukhitchini n'kukazikazinganso m'mafuta ndi anyezi. Ntchito ya maola anayi inathera m'chiwaya.

Mlendo_wa_Dallas
Pepani mayi, koma kufiira kumeneko n'chizindikiro cha nyama yowambidwa ndi nkhuni. Mipweya ina ya mu utsi imalowa m'mnofu wa kunja n'kugwirana ndi chimene chimapatsa nyama mtundu wake, ndipo kufiirako sikuchoka ngakhale nyama itapsa motani. Mtundu si umboni wa kupsa. Umboni ndi choyezera chobaya mkati mwa nyama, chimene ndikuona kuti n'chofunika kugula kuposa china chilichonse. Nkhuku yapsa ikafika madigiri 74 pamnofu wochindikala. Phewa la nkhumba ndi chidale zimakhala zitapsa kale zisanafike pamenepo, koma kuti zifewe zimafuna madigiri 93 mpaka 96. Choyezera cha pa chivindikiro musachikhulupirire kwambiri, chifukwa chimayeza mpweya wa kudenga osati wa pa waya.

Chinanso chimene chimasokoneza oyamba kumene n'chakuti nyama ikafika madigiri a pakati pa 65 ndi 75 imaima kwa maola awiri, atatu, nthawi zina kuposerapo. Sikuti moto wachepa. Madzi akutuluka pamwamba pa nyama n'kumaiziziritsa monga thukuta limachitira pathupi. Ambiri apa amakolezera moto n'kuwononga zonse. Mungathe kungodikira, kapena kuikulunga m'pepala la butchala lopanda pulasitiki kapena mu foyilo kuti idutse msanga, ndipo kwa nyama yopanda mafuta imene anena a pabutchala, kukulunga n'kofunika ndithu. Ikapsa, ipume ola limodzi kapena awiri ili chikulungire musanaidule.

Kampopi_Kasungu
Ndibwerere ku njerwa zimene anatchula a ku Kachulu, chifukwa mfundoyo yangodutsidwa. Njerwa zimasunga kutentha kuposa chitsulo chilichonse chimene tingakwanitse, sizichita dzimbiri, ndipo mmisiri womanga amapezeka m'mudzi uliwonse. Mbali ya moto imangidwe ndi dothi m'malo mwa simenti, popeza simenti wamba imang'ambika ikapsa, monga timachitira ndi ng'anjo za mabalani. Zachitsulo zikhala zitseko, waya ndi chivindikiro basi.

WaKuArea25
Mfundo ya njerwa ndi yomveka, koma nyumba imene ndikukhala ndi ya lendi, ndipo sindingamange chinthu chimene ndidzachisiye kapena kuuzidwa kuti ndigumule. Nditawerenga zonsezi, ndaganiza motere. Ya m'sitolo ija ndaisiya. Mwezi uno ndipangitsa diramu ya aphunzitsi, yokhala ndi kachitseko ka fosholo, ndipo ndiyamba ndi phewa la nkhumba ndi nkhuni za gwafa zimene ndapempha kwa achemwali anga ku Mitundu, ngakhale akuti zinadulidwa mwezi wa April ndiye ndiyamba ndazimenyanitsa. Ndikaona kuti maola 10 ndikuwakwanitsa ndipo oda ikubwera, ndidzapangitsa yogoneka ija dzinja likatha. A Nyundo, ndithandizeni miyeso ya yapakatikati yoti ndidzapite nayo ku Biwi, yokwana mapewa anayi a nkhumba nthawi imodzi.

Nyundo_Yakale
Lembani izi. Mgolo ukhale wa masentimita 50 m'mimba mwake ndi mita imodzi m'litali, zimene zikupereka malita pafupifupi 200. Kabokosi ka moto kakhale masentimita 40 mbali zonse, amene ndi malita 64, ndipo chitseko chake chikhale ndi polowera mpweya potsekuka ndi kutsekeka. Chumuni chikhale paipi yakuda ya mamilimita 100, yotalika pafupifupi mita imodzi. Pamene kabokosi kakumana ndi mgolo aikepo kachitsulo kopendekera pansi kotchinga malawi, apo ayi nyama ya mbali imeneyo idzapserera. Pansi pa mgolo, mbali ya chumuni, aboole kabowo kotulutsira mafuta ndipo mgolowo upendekere pang'ono komweko, kuti mafuta asayenderere kumoto. Chitseko cha mgolo achilembe, awotcherere mahinjesi kaye, kenako adule, chifukwa akadula chonse mahinjesi asanaikidwe chitsulo chimafunyulukako ndipo sichikhalanso bwino. M'mbali mwake awotchereremo kachitsulo kafulati kophimba mpata. Zogwirira zikhale zamtengo. Penti yosamva moto ipakidwe kunja kokha, mkati mafuta ophikira.

Mgolo ndi kabokosi zokha zipitirira makilogalamu 100 miyendo isanaikidwe, choncho popeza muli pa lendi, muuzeni aike matayala awiri a wilibala mbali ya chumuni, kutali ndi moto, ndipo muyeze kukula kwa geti yanu asanayambe kudula chitsulo.

MayiWaKuZomba
Ndipo phulusa muziwola nokha tsiku lotsatira, osatuma mwana.

Mphunzitsi_Wopuma
Diramu ikatha, ulendo woyamba muyatse yopanda nyama kwa maola anayi, muzilemba kutentha pa mphindi 15 zilizonse pamodzi ndi mabowo amene munatsekula. Mudzatitumizire pepalalo pano tione ngati mabowo atatu akukwanira kapena pafunika lachinayi.